Ngalande Yautsa Pakamwa ku Chigwa cha Shire

Ku Chikwawa nkhani sizichedwa kuzizira. Ya ng'ona yogwira mbuzi pagombe imatha masiku awiri, ya mpira imafa Lolemba likamatha, ya banja lopasuka imangodikira kuti lina lipasuke. Koma ilipo imodzi yomwe yakana kuzizira chiyambire 2020. Mukatsika minibasi pa Dyeratu muipeza. Mukakhala pabenchi la ometa pa Nchalo muipeza. Ngakhale kuchigayo ku Ngabu, komwe anthu amachita kukuwa kuti amvane, ikukambidwa ndithu. Nkhani yake ndi ya ngalande.

Kwa inu akumtunda amene simunatsikeko chitunda cha ku Thabwa, ngalandeyi ndiyo ntchito yaikulu ya pulogalamu ya Shire Valley Transformation Programme. Madzi ake ndi a mu Shire, opatutsidwa pa Kapichira pomwe pali damu la magetsi paja, ndipo aziyenda okha motsetsereka popanda injini yowapopa, kuchokera m'mphepete mwa nkhalango ya Majete, kudutsa kwa Kasisi, kwa Katunga, kwa Maseya ndi kwa Lundu, mpaka tsiku lina kukafika ku Bangula m'boma la Nsanje, mtunda wopitirira makilomita 100. Papepala adalemba kuti ithirira mahekitala 43,370, ndipo ntchito yonse adaigawa patatu, kuyambira 2018 mpaka 2031. Ndalama zambiri n'zochokera kunja. World Bank idavomereza madola 160 miliyoni a gawo loyamba mu 2017, African Development Bank nayo idaponyapo zake, ndipo makampani okumba ndi achilendo: Conduril ya ku Portugal ndi Sinohydro ya ku China.

Sindinamvepo munthu woikana ngalandeyi. Angaikane bwanji munthu wa kuchigwa, komwe chaka china dzuwa limawotcha chimanga chisanamasule, chaka chinacho madzi osefukira n'kukokolola ndi nkhokwe yomwe? Mkangano uli pena. Anthu akufunsana kuti madziwo akafika m'minda, adye ndani, adye zingati, ndipo wogawa akhale ndani.

Anyamata a kabaza pa Dyeratu ndiwo adandiseketsa koposa, chifukwa iwo anthu onse a chitukuko adawasanja kale potengera chokwera. Pamwamba penipeni akuti pali aja obwera pandege, amene amatsika chitunda m'mawa pa galimoto zoyera zotseka magalasi n'kubwerera kukagona ku Blantyre dzuwa lisanalowe, kuthawa kutentha ndi udzudzu. Pansi pawo pali mabwana athu omwe, a ziphaso zolendewera m'khosi, ogona paloji paboma. Kenako akubwera a m'makomiti, ndipo amenewa ndiwo makasitomala a anyamatawa. Mmodzi, atakhala chammbali panjinga yake yamoto, adafotokoza chonchi:

"Tsiku la msonkhano timalidziwa osauzidwa, bwana. Mdala amene amayenda wapansi chaka chonse, tsiku limenelo amakuimitsa ndi chala chimodzi, atapisira malaya, fayilo ili kukhwapa. Popita amati ndikupatsa pobwera. Pobwerapo za mtengo salimbana nawe, amangopisa m'thumba."

Mnzake adawonjeza kuti ngakhale botolo la madzi a kumsonkhano silitayidwa. Limafika kunyumba, limakhala masiku angapo likuyenda ndi madzi a pamjigo kuti anthu alione, kenako amayi amalilanda n'kuthiramo mafuta ophikira. Nditafunsa kuti nanga pansi pa onse pali ndani, adaloza amayi awiri amene ankadutsa makasu ali paphewa kupita kuganyu, nati aja ndiwo amamva za msonkhano utatha kale.

Tidaseka, koma zimene akunena anyamatawa n'zolemera. Ine alawansi sindiida. Munthu wasiya munda wake tsiku lathunthu kukamvera alangizi, n'koyenera kuti abwerere ndi ya sopo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti nkhope za m'makomiti sizisintha. Kuchigwa mabungwe ndi ambiri, a njala, a madzi osefukira, a mbuzi, a mitengo, ndipo lililonse likafika limafuna munthu wodziwa kulemba, womvako Chingerezi, wodziwika kwa anyakwawa. M'mudzi munthu wotero amakhala mmodzi kapena awiri: mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, mphwake wa amfumu. Palibe chimene waba munthuyo. Koma pakatha zaka khumi ali ndi nyumba ya malata, ngolo, ana kusekondale, ndipo pulojekiti yaikulu ngati iyi ikamafika imamupeza ali kale kutsogolo kwa mzere, akudziwa khomo loti agogode ndi mawu oti alankhule.

Pa Nchalo nkhani imalowa m'masamu. Dongosolo la pulogalamuyi n'lakuti alimi oyandikana minda aphatikize malo awo akhale munda umodzi waukulu, apange kopaletivi, alembe ntchito akatswiri oyendetsa ulimiwo, ndipo phindu azigawana molingana ndi kukula kwa malo omwe aliyense adasonkha. M'kachipinda kena ka ometa, momwe makina amayendera batire ya galimoto magetsi akazima, makasitomala adagawikana pawiri, ndipo gulu lililonse linali ndi umboni wake wa m'boma lomwelo.

Oikonda njirayi amatchula Phata. Kumeneko alimi adaphatikiza minda cha m'ma 2011, European Union idathandiza ndi ndalama, kampani ya Agricane n'kumawayendetsera ulimi wa nzimbe zomwe amagulitsa ku kampani ya shuga ya Illovo. "Pitani mukaone nokha," adatero bambo wina, mutu utametedwa theka. "Malata mbee! Anthu amene ankakumba nyika nthawi ya njala lero akulipirira ana sukulu." Okayika amatchula Kasinthula, sikimu yomwe idayamba ndi mpunga n'kutembenukira ku nzimbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi ngongole ya ndalama zakunja. Kwacha itagwa ngongole ija idafufuma, ndipo alimi adakhala zaka zambiri akulimira kubweza. Za kugwa kwa kwacha palibe wofunika kumukumbutsa, poti mu Novembala 2023 idatsitsidwa ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi. Wometa uja, posafuna kutaya kasitomala ndi mmodzi yemwe, ankavomera mbali zonse makina ali m'manja. Uyu akanena, iye "zoona achimwene." Uyo akatsutsa, iye "apo ndiye mwalasa."

Amene adausokoneza mkanganowo anali mayi wogulitsa zitumbuwa pakhonde, yemwe ankamvetsera nthawi yonseyi akuingitsa ntchentche pabeseni.

"Azibambo inu mukukangana za kugawana phindu chifukwa minda muli nayo. Ine munda ndimachita lendi chaka ndi chaka. Mwini wake wandiuza kale kuti ndiziyang'ana kwina, akuulowetsa m'sikimu. Ndiye langa gawo lili pati?"

Anthu ngati mayiyu pa Nchalo ndi ochuluka. Fakitale ya shuga yakhala ikukoka anthu ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Mozambique kuyambira kale. Adaberekera ana komweko, ena adaikako makolo awo m'manda, koma malo otchedwa awo alibe. Kugawa phindu molingana ndi malo n'kwachilungamo pakati pa eni malo okhaokha: wa maekala khumi alandira kakhumi poyerekeza ndi wa ekala imodzi. Wopanda malo chake ndi ganyu yopalira ndi kudula basi. Kusiyana kumeneku kudalipo ngalande isanakumbidwe, koma munda wouma wa lendi yotsika mtengo ndiwo unkamusunga wosauka, ndipo munda womwewo ukakhala wa madzi mwini wake sauperekanso.

Mayi uja adali atamvanso za nsomba. N'zoona kuti okonza pulani adaikamo chotchinga choti nsomba yolusa ya mano akuthwa ya kumunsi kwa Shire, yomwe Azungu amati tiger fish, isakwere kudzera m'ngalande n'kulambalala mathithi a Kapichira, chifukwa itafika kumtunda ingasakaze nsomba za ku Malombe ndi kunyanja. "Ndiye ngati nsomba adaiganizira mpaka kuijambulira pulani," adatero mayiyo, "ife a lendi atiganizirekonso." Chipinda chonse chidafa nacho chiseko, ndi wometedwa theka yemwe. Chotchingacho n'chofunika, chambo n'chathu tonse. Koma pempho la mayiyo ndikulivomereza ndi mtima wonse.

M'midzi ya kwa Maseya ndi kwa Katunga nkhani yotentha ndi ya malire. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti munthu alembetse munda wake n'kulandira chiphaso, ndipo ku Chikwawa ntchitoyi idayamba msanga chifukwa cha ngalande yomweyi, poti sungasonkhe m'kopaletivi malo omwe sakudziwika kuti ndi ako. Komiti ya malo imatsogozedwa ndi gulupu, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi.

Chiyambire kulembetsaku, achibale otayika apezeka. Amayi a pamjigo amasimba, uku akupopa, za amalume ena amene adalowera ku Blantyre kalekale, osabwera ngakhale pamaliro a mlongo wawo. Atangomva za ziphaso adatulukira ndi kachikwama, ndipo malire akuwakumbukira bwino kuposa amene akhala akulimapo: kuyambira pamsangu paja, kukhota pachulu, kukathera pamlambe. Wina wa ku Joni akutumiza mawu pa WhatsApp, kulongosola pomwe agogo ake ankamangirira mbuzi. Palinso ya bambo wa mitala amene akuti wakhala akuzemba tsiku lolembetsa, lero mutu mawa mwendo, chifukwa munda ndi umodzi, amayi ndi awiri, ndipo aliyense adamuuza kuti tsikulo apita naye. Amayiwo amaseka mpaka kusiya chopopera.

Akatha kuseka amafunsana zenizeni: pachiphasopo palembedwa dzina la ndani? Kuchigwa mabanja ambiri ndi olowola, mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo mwamuna akatsogola munda umayang'anidwa ndi maso ambiri. Mayi wina wamasiye adati iye adaumirira kuti dzina lake lilembedwe pamodzi ndi la ana. "Alamu anga ndi anthu abwino," adatero akusenza ndowa, "koma ndalama ya sikimu ikadzayamba kulowa, sindidziwa kuti ubwinowo udzafika pati." Ngati pali chinthu chimodzi chomwe pulogalamuyi ingasiye chokhalitsa kuposa simenti, ine ndikuona kuti ndi dzina la mayi ngati ameneyu pachiphaso.

Ena akudandaula zoti ngalande idawaphonya. Amene idawadutsa m'munda kapena pakhomo adalandira chipukuta misozi, ena adamangira nyumba, ena adagulira njinga zamoto, ndipo oyandikana nawo amangopukusa mutu kuti ikanakhotako pang'ono chabe bwenzi itagunda khitchini yawo.

Akuluakulu a pabawo, pansi pa mtengo wa nimu paboma, sathamanga nazo. Iwo akayamba amayambira kutali, ku mitumbira ya m'ma 1950, pomwe boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunda mizere m'dothi lomwe makolo ankalima mwa njira yawo, okana n'kumalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu adaitcha nkhondo ya mitumbira, ndipo katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala adaifotokoza m'buku lake la 1990 lonena za alimi a chigwachi. Amabwera pa 1965, pomwe kampani ya Lonrho idatsegula minda ya nzimbe ya Sucoma pa Nchalo midzi n'kusamutsidwa, minda yomwe idadzagwa m'manja mwa Illovo mu 1997. Amafika pa 1968, chaka chomwe World Bank yomweyi idabweretsa pulojekiti ya thonje ya Chikwawa, ndi mapampu obereka kumsana opopera mankhwala, operekedwa pangongole.

Gogo wina, akuwerenga nkhomo m'dzanja, adati: "Pampu ankapatsa munthu amene aona kuti abweza. Wobweza ndi wa munda waukulu. Ameneyo ndiye adadzatchedwa mchikumbe, ife tikumupopera thonje paganyu." Mnzake, asanatakate, adayankha kuti komabe misewu ndi mijigo ya ku Ngabu adatisiyira, tisaiwale. Adagwirizana kuti onse awiri akunena zoona, bawo n'kupitirira. Nditawafunsa za namondwe Ana, amene mu Januwale 2022 adagumula damu la Kapichira, kuzimitsa makina a magetsi pafupifupi mamegawati 130 ndi kuwononga pomwe ngalande imayambira, gogo woyamba uja adangoti walira mvula walira matope, akonze apitirize. Wachitatu, wa ku Nsanje, adafunsa motsitsa mawu ngati okumbawo adapitako ku kachisi wa ku Khulubvi kukadziwitsa mzimu wa Mbona asanaugwire mtsinje.

Alangizi achinyamata nthawi zina amamva zokamba za akuluakuluwa ngati kukana chitukuko. Akulakwitsa. Agogowa akufotokoza mmene mapulojekiti am'mbuyomu adayendera: galimoto inkayamba yaima kwa mfumu, kenako kwa wa munda waukulu, ndipo dzuwa linkalowa isanafike kwa wina aliyense. Wofuna kuti iyi isayende chimodzimodzi akadakhala nawo pabawopo masana amodzi, fayilo atasiya m'galimoto.

Nanga andale? Ngalandeyi eni ake ndi ambiri. A DPP amati ndi yathu, poti Peter Mutharika ndiye adaikhazikitsa mu Marichi 2020. A MCP amati kukhazikitsa si kukumba, dothi lambiri lidatuluka m'nthawi ya Lazarus Chakwera. Chisankho cha mu Seputembala 2025 chitabwezera Mutharika pampando, a DPP adati mwana wabwerera kwa bambo ake. Okalamba ena amati maloto onsewa adali a Kamuzu, ndipo kumunsi chaku Nsanje mumva kuti akadakhala moyo Mbuya Gwanda Chakuamba, amene adatisiya mu 2016, bwenzi madzi atafika kale ku Bangula. Mphunzitsi wina m'minibasi adawasokoneza onse ponena kuti mapulani othirira chigwachi adayamba kujambulidwa atsamunda asanachoke, ndipo adawonjeza kuti zina mwa ndalamazi ndi ngongole, yomwe adzabweze wa DPP, wa MCP, ndi mwana amene ali kumsana kwa mayi apo. Kondakitala adati ngongoleyo ndiye sanamvepo chipani chikuilimbirana, minibasi yonse n'kuseka mpaka pa Kamuzu Bridge.

Kulimbirana ulemu kumeneku sikundiopsa, ndi mmene ndale zimakhalira. Chondiopsa n'chakuti chipani chingalowe m'kopaletivi: tcheya wa chipani kufuna kukhalanso wapampando wa alimi, phungu kubwera ndi mndandanda wa anyamata ake oti alembedwe ntchito, khansala kunong'oneza kuti madzi ayambire mbali iyi. Opereka ndalama ali ndi malamulo abwino papepala, ndipo amaumirira kuti makomiti omvera madandaulo akhalepo. Koma iwo amakwera chitunda madzulo, m'mudzi mumatsala anyakwawa, tcheya ndi mlembi. Mlimi wosadziwa kuwerenga amatetezedwa ndi zinthu zazing'ono zooneka ndi maso. Mayina a mamembala ndi kukula kwa malo a aliyense zimatidwe pamtengo wa pabwalo. Ndalama zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe mokweza, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, aliyense akumva. Ndipo ku Phata adapatulako malo olimapo chakudya pambali pa nzimbe. Makopaletivi atsopanowa angathe kupatulanso timagawo ta a lendi ndi achinyamata amene minda ikadali m'manja mwa makolo awo.

Mphekesera ina yosatha ndi yakuti ngalande yonseyi ndi ya Illovo. Choona chake n'chakuti kampaniyi panopa imapopa madzi mu Shire ndi magetsi, ndipo mwa dongosolo idzakhala ikutunga m'ngalande n'kumalipira, ndalama zomwe zidzathandize kukonzetsa ngalandeyo. N'zomveka, ngalande yopanda wolipira imadzala matope. Koma funso lomwe adafunsa mlimi wina kumsika wa ng'ombe silopusa: chaka chomwe Shire adzachepe, chipata choyamba kutsekedwa chidzakhala cha ndani, cha wolipira zambiri kapena cha kopaletivi ya m'mudzi? Kumsika komweko a ziweto ali ndi yawo. Chigwachi ndicho chimadyetsa nyama mabutchala a ku Blantyre, ndipo malo odyetsera akasanduka minda yothirira, wa khola lalikulu adzagula malo kwina n'kulemba abusa. Wa ng'ombe zitatu akufunsa kuti milatho yowolotsera ziweto ili motalikana bwanji, ndipo mwana wake aziyenda mtunda wotani asanapite kusukulu.

Nkhani yaposachedwa ndaimva kwa amayi a banki mkhonde, atakhala pamkeka kabokosi ka maloko atatu kali pakati. Akuti pomwe makopaletivi akusankha atsogoleri, azibambo ena ayamba kale kugulira anthu thobwa ndi kupereka moni kwa aliyense panjira, ngakhale amene adakangana nawo za malire chaka chatha. Amayiwo agwirizana kuti upampando azibambo atenge ngati akuufuna, koma usungichuma ayi. Mmodzi, wogulitsa mlamba wowamba, adati iye wasunga ndalama za gulu lawo zaka zambiri osasowa ndi tambala yomwe, ndipo aimira. Mnzake adamukumbutsa kuti kumeneko mabuku ake ndi a Chingerezi, ziwerengero zake za mamiliyoni.

"Mamiliyoni ndi ziro wochuluka basi, asisi," adayankha. "Chingerezicho andiwerengera mwana wanga wa Fomu 3. Makiyi ndisunga ine."

Wachitatu adafunsa ngati abambo akunyumba avomera. Adati adawauza kale dzulo, ndipo abambowo adangofunsa ngati msungichuma amalandiranso alawansi.